Musanalipire chipinda ku Senga Bay, yambani mwaona kukhitchini

Tonse timadziwa kuti Loweruka likakwana, msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima umadzaza ndi magalimoto a anthu okapumula kunyanja. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 100, ndipo ukafika pa tauni ya Salima umawonjezera ena pafupifupi 20 kuti ukaponde mchenga wa Senga Bay. Chodabwitsa n'chakuti ife amene tinabadwira m'mbali mwa nyanjayi, kwa Maganga, kwa Pemba kapena kwa Bibi Kuluunda, sitiganizako zoti nafenso tingatenge banja n'kukagona usiku umodzi kapena uwiri pamalo abwino, mayi a kunyumba n'kupumulako utsi wa pamoto. Ena amati n'zachizungu. Koma masiku ano mabanja ambiri ayamba kutero, makamaka pambuyo pa Idi kapena ana akatsekera sukulu, ndipo ena mwa iwo amabwerako akudandaula.

Inenso ndinadandaulapo. Chaka china ndinasunga ndalama kwa miyezi itatu, ndipo ndinasankha malo ena chifukwa cha chithunzi chimene mwana wanga anandionetsa pa foni: maluwa, mipando pansi pa mtengo, nyanja ili mbee. Chimene chithunzicho sichinaonetse n'chakuti kuseri kwa mpanda kunali bala. Nyimbo zinayamba dzuwa litangolowa ndipo zinaleka tambala atalira kawiri. Swala ya m'bandakucha tinaswali mitu ikuwawa, ndipo agogo awo a ana, amene tinawatenga kuti akapumule, anangoti, “Mwanawe, kunyumba kuja kunali bwino.” Akuluakulu sananame kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Malo ogona alendo ku Senga Bay ndi ambiri, ndipo sanayambe lero. Sitima yapamtunda itafika ku Salima mu 1935, azungu a ku Blantyre ndi ku Zomba anapeza njira yapafupi yobwerera kunyanja. Hotela yakale imene inkatchedwa Grand Beach ndi imene lero ili Sunbird Livingstonia Beach. Pali enanso okwera mtengo, monga amene ali pa chilumba cha Nankoma m'zilumba za Maleri, kumene umapita pa boti. Koma banja wamba limayang'ana malo ang'onoang'ono, a zipinda zisanu kapena khumi, kumene mwini wake amakhala pomwepo ndipo m'mawa amakupatsani tiyi ndi kadzutsa. Malo otere akakhala abwino amaposa hotela, pakuti mumakhala ngati mwafikira kwa achibale. Akakhala oipa, mulibe kokadandaula.

Nchifukwa chake ine ndimati malo ang'ono amasankhidwa poona mwini wake. Ife tili ndi mwayi umene a ku Lilongwe alibe: tili pafupi. Kwerani kabaza tsiku lina m'kati mwa sabata mukaone nokha, kapena tumani m'bale amene amagulitsa nsomba kumeneko. Mukafika, perekani moni ndipo nenani mosabisa kuti, “Mayi, ndikufuna kubwera ndi banja langa, kodi ndingaone nawo kumene mumaphikira?” Amene alibe chobisa amaseka n'kukutsogolerani. Amene ayamba kuzungulira, mwamva kale yankho lake.

Kukhitchini n'kumene kuli nkhani yaikulu kwa ife. Funsani kumene amagula nyama ndi nkhuku, ndiponso amene amazinga. Ogwira ntchito ambiri m'malo amenewa ndi ana athu omwe, ochokera m'midzi yozungulira, ndipo adzakuuzani zoona. Koma nyama ya halali payokha sikwanira. Malo ena amakazingira nyama ya nkhumba alendo akunja pa kadzutsa, ndipo chiwaya chomwecho n'chimene amakazingira mazira a wina aliyense. Funsani ngati ali ndi ziwaya zosiyana. Ngati mtima ukukayikabe, musavutike: muli kunyanja. Chambo, kampango kapena usipa wauwisi ndi mpunga wa ku Lifuwu ndi chakudya chimene mlendo wochokera ku London amalipira ndalama zambiri kuti alaweko. Eni malo ena amalola kuti mugule nsomba nokha kwa asodzi m'mawa, iwo n'kukuphikirani pa mtengo wochepa, ndipo ena amalola mayi kuphika okha. Zimenezi mugwirizane musanabwere, osati mbale zili patebulo.

Mukachoka kukhitchini, imani panja mutchere khutu ndi kuyang'ana anansi a malowo. Lachitatu masana paliponse pamakhala bata, choncho funsani mlonda kapena mayi wogulitsa mandasi pafupi kuti Loweruka usiku pamakhala bwanji. Ngati malowo ali ndi bala yawoyawo, onani ngati chipinda chanu chili kutali nayo, ndiponso ngati ana angapite kunyanja osadutsa pakati pa anthu akumwa. Onaninso gombe: kodi lili ndi mbali imene mayi ndi ana aakazi angasambe momasuka, kapena ndi pamene pamaima magalimoto a anyamata ochokera m'tauni?

M'chipinda, tambasulani neti muone ngati ilibe mabowo, pakuti udzudzu wa ku Salima sudziwa kuti munthu ali patchuthi. Tsegulani mpopi. Funsani ngati madzi akumwa ndi a m'paipi, a pa mjigo kapena otunga m'nyanja, ndiponso ngati amawathira mankhwala. Sitinaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri. Za magetsi musadalire kuti boma lathu lili ndi malo aakulu opangira magetsi a dzuwa, a mamegawati 60, amene anatsegulidwa mu 2021. Magetsi amenewo amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo akazima mu Okutobala chipinda chopanda mawindo okwanira chimasanduka uvuni. Funsani ngati ali ndi sola kapena jenereta.

Za poswalira sizivuta. Mizikiti ilipo m'midzi ya m'mbali mwa gombe, ndipo wantchito aliyense angakulozereni wapafupi. M'chipinda, Kibla kuchokera ku Salima ili kumpoto, kupendekera pang'ono chabe kum'mawa. Mukaima dzuwa likutulukira kudzanja lanu lamanja, mwatsala pang'ono kulunjika. Mkeka ndi kabotolo ka madzi kolowa nako kuchimbudzi tengani kunyumba.

Palinso nyanja yeniyeniyo. Mu 2024 madzi anakwera kwambiri moti malo ambiri ogona alendo ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi analowedwa madzi, ndipo magombe ena anamira. Chithunzi chojambulidwa chaka chimenecho chisanafike chikhoza kukuonetsani mchenga umene lero palibe. Pewani malo amene gombe lake lili ndi bango ndi madzi odikha, pakuti m'menemo ndi mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo ana ndi amene amachedwa m'madzi. Kufupi ndi mathiriro a mitsinje, monga ku dambo la Mpatsanjoka, kumakhala mvuu ndi ng'ona. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba, mafunde amakula, ndipo si nthawi yokweza ana pa boti kupita ku chilumba cha Namalenje popanda majekete oyandamitsa. Ngati nyanja yakwiya, ku Kuti kuli pafupi, ndipo ana akaonako mbidzi ndi agwape.

Pa nkhani ya ndalama ndinene mwachidule. Funsani ngati mtengo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi, ngati kadzutsa ndi msonkho zili momwemo, ndiponso kuti ana amalipira bwanji. Malo ovomerezeka amakhala ndi chiphaso cha boma, ndipo ambiri amachipachika polandirira alendo. Musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala imene mwangoiona pa Facebook musanatsimikize kuti ndi ya eni malo. Mitengo imakwera pa Khirisimasi, pa Isitala ndi pa tchuthi cha Tsiku la Amayi mu Okutobala, pamene gombe lonse limadzaza. Sabata yotsatira zipinda zomwezo zimakhala zopanda anthu, ndipo mukhoza kunenerera.

Ife chaka chathachi tinabwereranso, koma ulendo uno ndinayamba ndapita ndekha Lachiwiri. Mayi amene ndinawapeza anandionetsa ziwaya zawo ndisanamalize n'kufunsa komwe, ndipo atamva kuti tibwera ndi agogo anatipatsa chipinda chopanda masitepe, chapafupi ndi mtengo wa mango. Loweruka m'mawa titaswali, agogo anakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi, akuwerenga mabwato amene ankabwera kuchokera kokapha usipa.