Galu wa Pakhomo Panu ndi Mwana wa Mnzanu

Amayi anzanga a kwa Kabudula, a ku Nsaru, a ku Nambuma, a ku Mpingu ndi inu a m'tauni amene mumaŵerenga tsamba lino, sabata ino tiyeni tikambe za galu. Mwina mudabwa, pakuti nkhani ya agalu timaiyesa ya abambo ndi anyamata. Ndiwo amabwera ndi kagalu m'thumba la jekete, ndiwo amakatcha dzina, ndiwonso amapita nako ku uzimba. Koma wopatsa galuyo mkute m'maŵa ndinu, ndipo wotsala naye pakhomo abambo akapita kumunda kapena kumsika ndinu nomwe. Tsiku limene adzaluma mwana wa mnansi, mayi wa mwanayo sadzayamba wafunsa kumene abambo aloŵera. Adzaima pabwalo panu ndi kuitana dzina lanu.

Palibe amene akunena kuti agalu athe m'midzi. Kwathu kuno galu ndi mlonda wosalandira malipiro. Amauwa fisi akamazungulira khola la mbuzi, amadzutsa mwini nyumba mbava zikafika pankhokwe kapena pachigafa cha fodya. Galu wathu wa makolo, woonda miyendo uja, wakhala ndi anthu kuyambira kalekale, ndipo kaŵirikaŵiri ukangoŵerama ngati ukutola mwala amapinda mchira nathaŵa.

Koma masiku ano kwafika agalu ena amene timangowatcha achizungu. Mumzinda wa Lilongwe anthu okhala m'mipanda ya njerwa amaŵeta agalu a mitundu ya Boerboel, Rottweiler, German Shepherd ndi pit bull poopa akuba, ndipo tiana ta agalu, tina tosakanizika ndi agalu akuno, timagulitsidwa ngakhale m'mbali mwa msewu. Munthu akagulitsa fodya kapena soya, kapena akamachokera ku Joni, amagula kamodzi nafika nako kumudzi, kumene mpanda ndi wa udzu, woti ngakhale nkhuku imaboola. Kagaluko pofika kamakhala kokongola ndipo ana amalimbirana kukanyamula. Pakatha chaka ndi theka si komweko ayi. Boerboel wamphongo, galu wa m'mafamu a ku South Africa, akakula amalemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Taganizani chinthu cholemera chotero chitalumphira mwana wa sitandade 1. Pit bull ndi wocheperapo msinkhu, koma makolo ake ankaŵetedwa ku England kuti azilimbana ndi nkhunzi za ng'ombe anthu akuonerera, ndipo maseŵero amenewo ataletsedwa mu 1835 eni ake anayamba kumenyanitsa agalu okhaokha. Galu wa mtundu umenewu akagwira sataya msanga.

Abale athu okhala ku South Africa anaziona mu 2022. Mu Seputembala chaka chimenecho mnyamata wa zaka 10 anaphedwa mumzinda wa Gqeberha ndi ma pit bull a pakhomo pawo pomwe. Mu Novembala mwana wa zaka 8 anaphedwa ku Bloemfontein ndi galu wa nyumba yoyandikana nayo, ndipo pasanapite masiku ambiri wina wa zaka 3 anaphedwa ku Hennenman. Anthu oposa 100,000 anasaina chikalata cha bungwe la Sizwe Kupelo Foundation chopempha boma kuti liletse kuŵeta agalu ameneŵa. Ku Britain lamulo loletsa pit bull ndi mitundu ina itatu linakhazikitsidwa mu 1991, komabe mu 2024 anachita kuwonjezera mtundu wina wotchedwa XL Bully, chifukwa anthu anali kuphedwabe. Kuletsa mtundu umodzi sikunathetse vuto, pakuti munthu wofuna galu wolusa amangopeza wina.

Ndanena za agalu akuluakuluŵa chifukwa ndiwo amamveka pa wailesi. Koma mdani wamkulu wa ana athu kuno ndi kagalu wamba, kosabayidwa katemera, kamene kamaluma mwana pang'ono pamwendo kenaka n'kusoŵa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati matenda a chiwewe amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia. Pa anthu 100 odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu, ndipo pa anthu khumi alionse ofa nacho, anayi ndi ana osakwana zaka 15. Kachilombo kake kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakaloŵa pabala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo. Ulendo umenewu kaŵirikaŵiri umatenga miyezi iŵiri kapena itatu, nthaŵi zina sabata imodzi yokha, nthaŵi zina chaka. Bala limapola, aliyense amaiŵala. Ndiye tsiku lina mwana amatentha thupi, amabalalika, amaopa madzi ngakhale ali ndi ludzu, amanjenjemera kamphepo kakamuomba kumaso. Zikafika apa palibe dokotala kapena sing'anga amene angamchiritse. Maliro otere m'mudzi amasiya anthu akulozana zala za ufiti, chonsecho gwero lake ndi galu amene analuma mwanayo nthaŵi yokolola.

N'chifukwa chiyani ana? Choyamba ndi msinkhu. Galu akaluma munthu wamkulu amagwira mwendo kapena dzanja, koma mwana wa zaka zinayi nkhope yake ili pafupi ndi kamwa la galu. Bala la kumaso kapena la pakhosi limataya magazi ambiri, limasiya chipsera cha moyo wonse, ndiponso lili pafupi ndi ubongo, kotero chiwewe chimafika msanga. Chachiŵiri, ndipo apa ndikulankhula ndi inu amayi makamaka, ana amabisa. Mwana amene analumidwa akuthyola mango a eni, kapena akugenda galu pochokera kusukulu, amadziŵa kuti akanena kunyumba kuli mkwapulo. Amatsitsa kabudula kubisa balalo, nakhala chete. Mwana wanu ayenera kudziŵa kuti nkhani ya kulumidwa kapena kukandidwa ndi galu ndi mphaka ilibe chikwapu, kaya iye anali kuchita chiyani. Za mangozo mudzakambirana bwino akachoka kuchipatala. Pomsambitsa madzulo muziyang'ana thupi lake, ndipo mukaona kabala kachilendo funsani mofatsa.

Tsono tibwere kwa ife oŵeta. Pali chizoloŵezi choipa chofuna kuti galu akhale wolusa. Ena amamthirira chamba kapena tsabola m'chakudya, ena amamdyetsa mavu, ena amamtsekera m'kachisakasa ka mdima kuti asaone anthu. Ena amammanga pamtengo ndi tcheni chachifupi dzuŵa lonse, wopanda madzi, namammasula usiku ali ndi njala ndi ukali. Galu wotere sadziŵa kusiyanitsa mbava ndi kamtsikana kamene katumidwa kudzapala moto. Pena amatembenukira ngakhale ana a pakhomo pomwepo. Kuti galu akhale mlonda wabwino chofunika ndi kuuwa, pakuti wakuba amaopa phokoso lodzutsa mudzi.

Abambo a kunyumba akayamba kukamba zogula galu wachizungu, afunseni mwaulemu mafunso aŵa asanatulutse ndalama. Kodi galuyo adzadya chiyani m'mwezi wa Febuluwale pamene ife tomwe tikudya kamodzi? Kodi adzagona kuti, ndipo mpanda wake ndi wotani? Nanga akadzadula chingwe inu kulibe, adzamgwira ndani? Ngati mayankho palibe, ndalamazo zigule mbuzi.

Pa mwambo wathu nkhani imeneyi si yachilendo. Mbuzi zanu zikadya chimanga m'dimba la mnzanu, simunena kuti mbuzi ilibe nzeru. Mumapita kubwalo la amfumu ndi kulipira. Nanga galu akang'amba tsaya la mwana, mlandu ungachepe bwanji kuposa wa chimanga? Malamulo a boma nawonso sanasiye mpata. Lamulo la milandu la Penal Code limati munthu wolekerera chiŵeto chake mosasamala, kotero kuti chingathe kuvulaza anthu, wapalamula mlandu. Lamulo la Control and Diseases of Animals Act la 1967 limapatsa a zaziŵeto mphamvu yolamula kuti agalu onse m'dera amangidwe chiwewe chikabuka, ndipo galu wopezeka akuyendayenda nthaŵi imeneyo angathe kuphedwa. Mawu akuti "galu wanga saluma" sathandiza pamaso pa oŵeruza. Mwini galu aliyense amatero kufikira tsiku loyamba.

Katemera wa agalu ndiye mpanda weniweni. Akatswiri amati agalu 70 pa 100 alionse m'dera akabayidwa chaka ndi chaka, chiwewe chimasoŵa podutsa. Ku Blantyre mu 2015 bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi a boma linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 ogwira ntchito, ndipo m'zaka zotsatira madokotala a pa Queen Elizabeth Central Hospital anaona kuti ana obwera ndi chiwewe achepa kwambiri. Ku Lilongwe kuno bungwe la LSPCA, limene linayamba mu 2008, limathandizana ndi alangizi a ziŵeto pobaya ndi kufula agalu. Tsiku la 28 Seputembala ndi lokumbukira chiwewe pa dziko lonse, tsiku limene anamwalira Louis Pasteur, amene mu 1885 anapulumutsa mnyamata wa zaka 9 wolumidwa ndi galu wachiwewe pombaya katemera woyamba. Amfumu akalengeza kuti obaya agalu afika pasukulu kapena pamsika, musatume kamwana kokha ndi chingwe. Pitani wamkulu, tengani ndi mphaka yemwe, ndipo kapepala kamene akupatseni mukasunge pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana. Galu wofulidwa sayendayenda usiku kusaka zazikazi, kumene kumachitika ndeu zambiri zopatsirana matenda.

Galu wachiwewe si nthaŵi zonse amathamanga ndi kuluma chilichonse. Wina amangofooka, chibwano chili pansi, dovu lili chuchuchu, ngati fupa lamuima pakhosi. Musapise dzanja m'kamwa mwake kufuna kuchotsa fupalo. Galu wofatsa akayamba ukali mwadzidzidzi, kapena nkhandwe ikaloŵa m'mudzi masana osaopa anthu, loŵetsani ana m'nyumba ndi kutumiza uthenga kwa mlangizi wa ziŵeto.

Ana aphunzitseni zinthu zoŵerengeka zimene angathe kukumbukira. Asayandikire galu amene akudya, amene wagona kapena amene ali ndi ana. Asagende agalu. Pofika pakhomo pa eni aziodira ali patali, kudikira kuti wamkulu atuluke. Galu akawathamangira asathaŵe, pakuti mwana sangapose galu liŵiro ndipo kuthaŵa kumamuutsa mtima wosaka. Aime chilili ngati mtengo, manja atapinda pachifuwa, osamuyang'ana m'maso. Akagwetsedwa adzipinde ngati kanyimbi wogona, nkhope pansi, manja ataphimba khosi ndi makutu. Yeserani nawo pabwalo ngati maseŵero kuti thupi lizoloŵere. Ndipo khanda musalisiye pamphasa ndi galu pamene mwapita kumjigo, ngakhale galuyo munamlera nokha.

Mwana akalumidwa, ntchito yoyamba ndi yanu, ndipo imayamba musanafunse kuti galu ndi wa yani. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri othira kwa mphindi 15. Ndi nthaŵi yaitali mwana akulira, koma sopo amaononga kachilomboko ndipo madzi amakachotsa. Sopo wochapira yemweyu akwanira. Musathirepo dothi, tsabola, mchere kapena zitsamba, ndipo za kutentha ubweya wa galu woluma ndi kupaka phulusa lake pabala zisiyeni, sizinachiritsepo chiwewe. Nyamukani tsiku lomwelo kupita kuchipatala cha Kabudula, cha St Gabriel ku Namitete, kapena chilichonse chimene muli nacho pafupi. Ngati katemera wa anthu palibe, pemphani kalata yopita nayo ku Lilongwe, ndipo dziŵitsaninso mlangizi wa ziŵeto, pakuti achipatala nthaŵi zambiri amafuna umboni wake wonena za galuyo. Jekeseni zake zimabayidwa pa masiku angapo. Malizani zonse ngakhale bala litapola. Mayi woyembekezera ndi khanda lomwe angathe kulandira katemerayu popanda choopsa. Funsaninso za jekeseni ya kafumbata.

Nanga galu woluma akakhala wanu? Apa ndi pamene maubale ambiri amathera, chifukwa mwini galu amayamba ndi kukana, kapena kunena kuti mwanayo ndi wopulupudza. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tulutsani sopo ndi ndowa ya madzi, tengani kapepala ka katemera, lipirani kabaza, ndipo perekezani mnzanuyo kuchipatala. Za chipepeso akambirana abambo ndi amfumu pambuyo. Galuyo musamuphe mwaukali, musamtumize kwa achibale kumudzi wina kuti abisale. Ngati akuoneka wabwinobwino mmangeni pamthunzi, kumene ana safika, muzimpatsa chakudya ndi madzi kwa masiku 10. Akadwala kapena kufa m'masiku amenewo, musamkhudze ndi manja, itanani mlangizi kuti atumize mutu wake ku labotale ya ziŵeto ku Lilongwe, ndipo uzani achipatala msanga. Akakhala wamoyo ndi wathanzi pa tsiku la khumi, ndiye kuti pa nthaŵi imene analuma analibe chiwewe m'malovu. Pitani nokha kwa mayi wa mwanayo mukamuuze, pakuti masiku onsewo iye sanagone tulo.