Tikamakalamba, Tisataye Abale

Madzi osefukira ataononga midzi ya ku Makhanga mu Januwale 2015, ndiponso namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, mabanja ambiri a m'chigwa cha Shire anakangana pa nkhani yosamukira kumtunda. Kawirikawiri okana anali okalamba. Ife ana ao tinati, "Agogo ndi ouma mutu." Koma kodi tinawafunsa chimene chinali mumtima mwao?

Pa 2 Samueli 19 tiwerenga za Barizilai, mkulu wa zaka 80, amene anakana kupita ku Yerusalemu ndi Mfumu Davide. Chakudya sichinali kumkomeranso, makutu sanali kumvanso nyimbo, ndipo anafuna kufera pafupi ndi manda a makolo ake. Davide sanamdzudzule, koma anamdalitsa. Agogo athu nawonso amaganiza za manda a abale ao ndi dimba limene alima moyo wao wonse.

Ukalamba umabwera ndi makhalidwe amene amatopetsa a m'nyumba. Loyamba ndilo kubwereza nkhani. Agogo asimba lero za mtengo wa thonje wa kale ku Ngabu, mawa asimbanso yomweyo, kufikira adzukulu ayamba kuthawa pakhonde. Lachiwiri ndilo kudandaula: nsima siinapse, mlamba wa masiku ano sukoma, mpongozi sadziwa mwambo. Lachitatu ndilo kudzipatula. Munthu makutu akayamba kugontha amachita manyazi kufunsa kawiri, tsono amangokhala chete kapena kuyankha mokuwa, ife nkumati akunyada kapena akwiya.

Loopsa koposa ndilo kuiwala kumene kumabala kukayikira. Agogo abisa ndalama pansi pa mphasa, aiwala, nanamizira mdzukulu kuti waba. Ena amalankhula okha, ena amatuluka usiku nasochera pa mudzi wao womwe. Madokotala amati kawirikawiri awa ndi matenda a ubongo otchedwa dementia. Koma pa mudzi timafulumira kunena kuti ndi ufiti, ndipo okalamba ena amenyedwa, ena aphedwa ndi abale ao enieni. Kutchula munthu mfiti ndi mlandu monga mwa lamulo la 1911, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Nanga ife a mu Mpingo tidzalekerera bwanji?

Achinyamata, lankhulani ndi agogo mutawayang'ana kumaso, mwa pang'onopang'ono, osakuwa. Akabwereza nkhani, afunseni funso latsopano. Mudzamva zimene simunazimvepo. Akayamba kusochera, apititseni ku chipatala, osati kwa woombeza. Akulu a Mpingo ndi amai a Mvano asawaiwale amene miyendo yawalepheretsa kufika ku tchalitchi.

Koma mau ena ali kwa ife makolo amene imvi zayamba kuoneka. Makhalidwe awa sayamba pa zaka 80. Mbeu yake tiri kufesa lero. Amene azolowera kudzudzula tsopano adzakhala nkhalamba yolongolola. Tiphunzire kuthokoza mpongozi, kumvera mwana mpaka atsirize mau ake, ndi kupepesa tikalakwa. Amati akulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambo likauma moto ungodutsa, choncho tipemphe Mulungu atisungire mtima wofatsa kufikira tsiku lotsiriza.