Mdani wa Mfuti Amakhala M'kati mwa Mpope

Munthu wofika pa boma la Mangochi, asanawoloke mlatho wa pa Shire, amaona nsanja ya wotchi imene inamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pafupi ndi nsanjayo pali mzinga wa mtundu wa Hotchkiss umene unachokera pa sitima ya nkhondo ya Guendolen. Pa 13 Ogasiti 1914, Nkhondo ya Chiwaya itangoyamba kumene, Kaputeni Rhoades anafika ndi sitimayi pa doko la Sphinxhaven, limene lero likutchedwa Liuli m'dziko la Tanzania, nawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ili pamtunda. Lero mzingawo uli duu. Ana a sukulu amausisita kunja ndi kuuzungulira, koma ndi owerengeka amene amasuzumira m'kati mwa mpope wake. Komatu moyo wa mfuti iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono, uli m'menemo, ndipo imfa yake imayambiranso momwemo.

Dera la Mfumu Mponda linazidziwa mfuti kalekale. Mudzi wa mfumuyi unali pamene Shire amatulukira m'nyanja, pa dooko limene a malonda a minyanga ndi akapolo ankawolokerapo. David Livingstone anafikapo m'chaka cha 1866. Amalonda obwerera kuchokera ku Kilwa ndi ku Quelimane ankabweretsa nsalu, mikanda, wonga ndi mfuti za gogodera, zambiri mwa izo zosulidwa ku Birmingham ndi ku Liège. Mfuti zimenezi ankazithira wonga ndi chipolopolo kukamwa, nazitsindira ndi kamtengo kapena kachitsulo kautali.

Wonga wakuda wa masiku amenewo unali wosakaniza zinthu zitatu: pa magawo 100 aliwonse, 75 anali mchere wa saltpetre, 15 makala, ndipo 10 sulufule. Ukapsa, woposa theka la wongawo sunkasanduka mpweya ayi, koma utsi ndi mwaye, ndipo mwaye wina unkamatirira m'kati mwa mpope. Mlenje akawomba kangapo motsatizana, mpope unkachepa m'kati kotero kuti chipolopolo chinkavuta kulowa. Choipa koposa n'chakuti mwayewo umayamwa chinyontho cha mumpweya. M'dziko lotentha la m'mbali mwa nyanja monga kwa Mponda, makamaka m'nyengo ya dzinja, mfuti yogonekedwa yosatsuka inkatha kuyamba dzimbiri usiku umodzi wokha. Mankhwala ake sanali apatali: madzi otentha, nsanza youma, ndi mafuta pang'ono.

Mpope wa gogodera unali wosalala m'kati, motero chipolopolo chinkatuluka mosawongoka, ndipo kulasa chinthu chotalikira mayadi 100 unali mwayi chabe. Pamene Harry Johnston ndi Kaputeni Cecil Maguire anafika kwa Mponda ndi asilikali a ku India mu Okutobala 1891, namanga linga la Fort Johnston kutsidya kwa mtsinje, anali ndi mfuti za mtundu wina, zolowetsa chipolopolo kumbuyo ndiponso za mizere m'kati. Izi sizitanthauza kuti mfuti za Ayao zinali zoseweretsa, pakuti Maguire yemweyo anaphedwa ndi anthu a Makanjira mu Disembala chaka chomwecho. Koma pa kulasa patali, mpope wa mizere unaposa wosalala kutalitali.

Mizereyi ndi tingalande tosaya topotoka kuchokera kumbuyo kwa mpope kufikira kukamwa. Chipolopolo chikamadutsa, mizereyo imachigwira ndi kuchizunguza ngati nguli, ndipo monga nguli yozungulira kwambiri siigwa msanga, chipolopolonso chimayenda chowongoka. Taonani mfuti ya Lee-Enfield .303, imene asilikali a Keyala ananyamula pa nkhondo zikuluzikulu ziwiri zija. Mizere yake imamaliza kuzungulira kamodzi pa mainchesi 10 aliwonse, ndipo chipolopolo chimatuluka pa liwiro la mafiti 2,440 pa sekondi. Wophunzira wodziwa masamu atha kuwerengera yekha kuti chipolopolocho chimazungulira pafupifupi ka 3,000 pa sekondi imodzi. Tsono tingalande tosaya chotere tikadzaza litsiro, kapena tikadyeka ndi dzimbiri, chipolopolo sichigwirika bwino, ndipo chimapita kumene mwini wake sanachitume.

Asilikali a nthawi imeneyo anali ndi vuto lozunguza mutu. Wonga wawo unali watsopano, wopanda utsi wambiri, komabe mfuti zinkachita dzimbiri ngakhale zitapakidwa mafuta. Iwo anaona kuti kuthira madzi owira mu mpope kunkathandiza, ngakhale kuti chifukwa chake chenicheni sichinkadziwika bwino. M'chaka cha 1922, Wilbert Huff, katswiri wa ku Bureau of Mines ya ku America, anaonetsa kuti cholakwa chinali kadontho ka mankhwala koyatsira wonga. Kadonthoko kakapsa kankasiya mchere wotchedwa potassium chloride, mbale wake wa mchere wa m'ndiwo. Mchere susungunuka m'mafuta koma m'madzi. Wopaka mafuta asanatsuke ndi madzi ankangoufunditsa mcherewo, ndipo iwo unkapitiriza kudya chitsulo pansi pake. Msilikali aliyense ankasunganso, m'kabowo ka kuthako kwa mfuti, kabotolo ka mafuta ndi chingwe chokokera kansalu ka mainchesi 4 m'litali ndi 2 m'lifupi.

Zipolopolo zambiri za masiku ano sizisiyanso mchere wotere, ngakhale kuti zina zakale za asilikali zimausiyabe. Komabe litsiro la mu mpope lilipo la mitundu itatu. Loyamba ndi mwaye wa wonga. Lachiwiri ndi mtovu kapena mkuwa umene umapalika pa chipolopolo ndi kumatirira m'mizere pang'onopang'ono. Lachitatu ndi dzimbiri, limene limabwera ndi chinyontho, thukuta la m'manja ndi mvula. Mtundu uliwonse uli ndi mankhwala ake. Ena ndi akale ndithu: Hoppe's No. 9 anayamba ku America mu 1903, ndipo Ballistol ku Germany mu 1904. Mankhwala osungunula mkuwa nthawi zambiri amakhala ndi amoniya, ndipo kansalu kakatuluka kobiriwira ndi chizindikiro chakuti mkuwa ukadalimo. Mankhwala amphamvu oterewa sayenera kugonekedwa mu mpope kupitirira nthawi imene opanga analemba.

Kutsuka kwake kuli ndi mwambo. Poyamba pa zonse wotsuka amachotsa zipolopolo ndi kusuzumira kuti atsimikize kuti simunatsale ngakhale chimodzi, pakuti anthu ambiri avulala ndi mfuti imene ankaiyesa yopanda kanthu. Kenaka amanyowetsa mpope ndi mankhwala, nadikira pang'ono, napititsa kaburashi kofewa ndi tinsalu toyera kufikira kotsiriza katatuluka kopanda banga. Ngati mfuti ilola, amayambira kumbuyo kunka kukamwa. Chifukwa chake n'chakuti mlomo wa mpope ndi umene umakhudza chipolopolo komaliza. Ukaperepeseka mbali imodzi, mpweya wa wonga umatuluka mopendekeka ndi kuchikankhira chipolopolo pambali. Chingwe chokokedwa mokhotetsa chimaperepesa mlomowo monga momwe chingwe cha ndowa chimadyera mkombero wa chitsime.

Zolakwa zina zimachokera ku changu chopanda nzeru. Mafuta ayenera kukhala ochepa posunga mfuti, ndipo apukutidwe asanawombe, chifukwa mafuta ochuluka mu mpope amasocheretsa chipolopolo choyamba ndiponso amaonjezera mphamvu imene chitsulo chiyenera kupirira. Mafuta ophikira sayenera, pakuti amauma ndi kumata ngati ulimbo. Kupala ndi waya kapena mchenga kumafafaniza mizere imene munthu afuna kuiteteza. Mfuti yopachikidwa nthawi yaitali iyenera kusuzumiridwa isanagwire ntchito, poti mavu amakonda kumata nyumba zawo za dothi m'mabowo otere, ndipo mpope wotsekeka umaphulikira mwini wake kumaso. Amalonda amatamanda mankhwala awo kuti amawongola mfuti, koma mankhwala amangochotsa litsiro ndi kutchinga chinyontho. Chitsulo chimene dzimbiri ladya kale palibe botolo lingachibwezere. Akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda.

Kodi zonsezi zikumukhudza bwanji wachinyamata wotsiriza sukulu kwa Mponda? M'Malawi munthu wamba saloledwa kusunga mfuti popanda chilolezo cha boma chodzera ku polisi, ndipo ambiri sadzaigwira moyo wawo wonse. Koma ena mwa achinyamata amene ali m'makalasi lero adzalowa usilikali, upolisi, kapena ntchito yoteteza nyama ku Liwonde ndi ku Cape Maclear. Mvuu ikalowerera minda ya m'mbali mwa nyanja ya Malombe, kapena ng'ona ikazolowera dooko limene amayi amatungapo madzi, mudzi umaitana mlenje wa boma. Iye akalasa bwino, nyamayo imafa msanga yosazunzika ndipo anthu amagona tulo. Akaphonya pang'ono, nyama yovulala imathawira m'bango ili ndi ukali woposa kale, ndipo wokumana nayo m'mawa mwake ndi msodzi wa m'bwato amene sanalakwe kanthu. Chipolopolo chosocheracho nacho chimakagwera kwina, ndipo m'mbali mwa Shire midzi ndi yothithikana.

Pa chifukwa chimenechi wophunzira usilikali amayamba kumasula ndi kutsuka mfuti asanaloledwe kuwomba pa chandamale, ndipo mkulu woyendera gulu amasuzumira mu mpope wa msilikali aliyense, poti nsapato zowala sizimuuza zonse. Aphunzitsi opita ndi ana kukaona mzinga wa Guendolen angachite bwino kuwauza anawo kuti asuzumire m'kati, nawafunse chimene chinyontho cha ku nyanja chimachita ndi chitsulo chosiyidwa chokha. Phunziro la sayansi la dzimbiri liyambire pomwepo.