Kuphunzira mawu a Chingerezi pakati pa olankhula Chihindi okonzekera mayeso

Kuphunzira mawu a Chingerezi ndi gawo lalikulu la kukonzekera mayeso olowera ntchito za boma m'dziko la India, makamaka kwa achinyamata amene anaphunzira sukulu m'Chihindi. Kalembera wa mu 2011 anapeza kuti anthu pafupifupi 44 mwa 100 aliwonse ku India amalankhula Chihindi ngati chinenero chobadwa nacho, ndipo ambiri ali m'zigawo za kumpoto monga Uttar Pradesh, Bihar, Rajasthan ndi Madhya Pradesh. Malamulo aakulu a dzikolo, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1950, anaika Chihindi kukhala chinenero cha boma ndipo Chingerezi anachipatsa zaka 15 zokha. Koma lamulo la mu 1963 linalola kuti Chingerezi chipitirire, ndipo mpaka lero chili m'mayeso ambiri.

Mayeso ake

Bungwe la Staff Selection Commission, lomwe linakhazikitsidwa mu 1975, limalembetsa mayeso otchedwa CGL kwa omaliza maphunziro a kuyunivesite. Gawo loyamba limakhala ndi mafunso 100 oyankha m'mphindi 60, ndipo 25 mwa mafunsowo ndi a Chingerezi. Funso lililonse ndi malikisi awiri, koma wolakwa amachotseredwa theka la malikisi imodzi, choncho kungoyankha mwamphumi kumawononga. Mafunso a masamu ndi ena amaperekedwa m'zinenero ziwiri. A Chingerezi okha ndiwo satanthauziridwa. Amafunsa mawu ofanana tanthauzo, mawu otsutsana, zining'a, kalembedwe kolondola, ndi liwu limodzi loimira chiganizo chonse.

Nkhaniyi inafika pamsewu mu 2014, pamene ophunzira a ku Mukherjee Nagar mumzinda wa Delhi anachita zionetsero ponena kuti pepala la CSAT la bungwe la UPSC limakondera ophunzira m'Chingerezi. Boma linalengeza kuti malikisi a mafunso omvetsa Chingerezi m'pepalalo sadzawerengedwa posanja opambana.

Vuto la kuloweza

Njira yofala ndi kugula buku la mndandanda wa mawu, lililonse lili ndi tanthauzo la Chihindi pambali pake, n'kumaloweza. Njirayi imafulumira koma ili ndi msampha, chifukwa zinenero ziwiri sizigawa matanthauzo mofanana. Mneni wa Chihindi wakuti dekhna amaimira see, look ndi watch. Wophunzira amene analoweza tanthauzo limodzilo amaona ngati mawu atatuwo ndi amodzi, pamene olemba mayeso amakonda kufunsa kusiyana kotereku. Liwu lakuti kal nalo limatanthauza dzulo komanso mawa.

Kalembedwe ndi vuto lina. Chihindi chimalembedwa m'zilembo za Devanagari, ndipo kwakukulukulu mawu amalembedwa momwe amatchulidwira, monga zilili m'Chichewa. Wozolowera zimenezi amavutika ndi zilembo zosatchulidwa za m'mawu ngati debt ndi psychology.

Mizu ya mawu

Apa mpamene wolankhula Chihindi ali ndi mwayi umene ambiri sautengera mtima. Mu 1786, William Jones anauza gulu la Asiatic Society ku Calcutta kuti Chisansikiriti, Chigiriki ndi Chilatini zinachokera ku kholo limodzi. Mawu ambiri ovuta a Chingerezi anachokera ku Chilatini ndi Chigiriki, pamene Chihindi chinatenga mawu ochuluka ku Chisansikiriti. Choncho dant, kutanthauza dzino, ndi pachibale ndi dental. Agni, moto, ndi pachibale ndi ignite. Mrityu, imfa, amachokera kumodzi ndi mortal. Ndipo matri ndi pitri amafanana ndi maternal ndi paternal. Amene wagwira muzu wakuti mort sachedwa kumva immortal, mortuary ndi mortality, ndipo muzu umodzi umamupatsa banja lonse la mawu.

Buku la Norman Lewis lotchedwa Word Power Made Easy, lomwe linatuluka ku America mu 1949, limaphunzitsa motere ndipo likugulidwabe kwambiri ku India. Komabe mizu siithandiza pa zining'a, zomwe tanthauzo lake silichokera m'mawu amodziamodzi.

Palinso mawu amene Chingerezi chinabwereka ku India, monga jungle, loot, thug, shampoo ndi bungalow.

Kuwerenga ndi kubwereza

Aphunzitsi ambiri amalangiza kuwerenga tsiku lililonse ndemanga za akonzi m'nyuzipepala ya The Hindu, yomwe inayamba mu 1878 ku Madras. Wophunzira amalemba m'kope liwu lachilendo pamodzi ndi chiganizo chimene walipezamo, kenako amayang'ana m'dikishonale. Imodzi mwa madikishonale odalirika a Chingerezi ndi Chihindi ndi ya wansembe wa ku Belgium, Camille Bulcke, yomwe inatuluka mu 1968.

Pa YouTube pali aphunzitsi amene amalumikiza liwu la Chingerezi ndi la Chihindi lomveka mofanana nalo, n'kupanga kankhani koseketsa. Zimenezi zimathandiza kukumbukira tanthauzo, koma sizisonyeza pogwiritsira ntchito liwulo.

Kafukufuku wa Hermann Ebbinghaus wa mu 1885 anasonyeza kuti munthu amaiwala zambiri m'masiku oyambirira atangophunzira. N'chifukwa chake ena amatsata njira ya makhadi ya Sebastian Leitner ya mu 1972: khadi la liwu limene wophunzira walakwa limabwerera m'bokosi loyamba kuti alionenso mawa lake, pamene la liwu limene walikhoza limapita m'bokosi lotsatira, lomwe amalitsegula patapita masiku angapo.