Lingonberry: Kachipatso Kowawasa ka M'nkhalango Zozizira

Kodi lingonberry ndi chomera chotani?

Ndi kachitsamba kakafupi, kosafika m'maondo, kamene kamamera pansi pa mitengo ya paini ku Sweden, Norway, Finland, Russia ndi Canada. Masamba ake sayoyoka ngakhale chipale chofewa chiwakwirire kwa miyezi. Mu 1753 katswiri wa zomera Carl Linnaeus anakatcha Vaccinium vitis-idaea. Tizipatso take tofiira, tamsinkhu wa nandolo, timapsa mu Ogasiti ndi Seputembala.

Amachita kudzala?

Zambiri amathyola kutchire. Ku Sweden ndi Finland aliyense ali ndi ufulu wothyola zipatso m'nkhalango, ngakhale ya mwini wake. Nyengo ikakwana, anthu amachokera kutali monga ku Thailand kudzagwira ganyu yothyola.

N'chifukwa chiyani eni dziko amazikonda chonchi?

Chifukwa sizivunda msanga. Muli benzoic acid, amene amalepheretsa nkhungu kumera. Kale, kulibe mafiriji, mabanja a ku Sweden ankangoziika m'mabotolo, n'kuthiramo madzi, ndipo ankadya mpaka nyengo yawo yaitali yozizira itatha. Lero ambiri amazitakasa zosaphika ndi shuga, n'kudyera limodzi ndi nyama yogaya yowumba timibulu. Ku Finland zimatsagana ndi nyama ya reindeer ndi mbatatesi yopota.

Nanga m'thupi zimathandiza bwanji?

Muli manganese, wofunika ku mafupa, vitamini E, ndi ulusi wothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino. Utoto wofiirawo umachokera ku ma anthocyanin, amene ali m'gulu la zinthu zoteteza maselo kuti asaonongeke.

Umboni wodziwika kwambiri unachokera ku Oulu, ku Finland. Mu 2001 magazini ya BMJ inasindikiza kafukufuku wa amayi 150 amene anali atadwalapo matenda a m'njira ya mkodzo. Amene ankamwa madzi a zipatso zina zotchedwa cranberry osakaniza ndi a lingonberry tsiku lililonse kwa miyezi 6 sankayambiranso kudwala kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo amene sankamwa madziwo. Komabe zipatsozo zinali ziwiri, choncho ulemu wonse sungapite kwa chimodzi.

Ndiye kuti ndi mankhwala?

Ayi, ndi chakudya chabwino basi. Wodwala m'chikhodzodzo apite kuchipatala. Komanso jamu wa lingonberry wogula m'sitolo amakhala ndi shuga wambiri, ndipo odwala matenda a shuga ayenera kusamala naye. Pa vitamini C, kachipatsoka kamachepekedwa: lalanje ndi gwafa zili naye wochuluka kuposa pamenepo.