NYALI YA INJINI IKAYAKA PA VANI YOSINTHIDWA

Mu Avondale ndi mu Chelstone, m'mbali mwa mseu waukuru wa Great East Road, muli anthu ambiri amene cakudya ca ana ao cicokera pa vani. Ena anyamula njerwa ndi simenti, ena atenga cimanga ndi ndiwo zamasamba ku Chongwe kunka nazo ku msika wa Soweto. Ambiri a mavani awa anagwirapo kale nchito ku Japan kapena ku South Africa, ndipo atafika mu Lusaka eni ace anawasintha: wina anaika paipi ya utsi yaikuru, wina anacotsa injini yakale naikamo yina. Patapita masiku, kanyali kacikasu kolembedwa Check Engine, kapena kokhala ndi cithunzi ca injini, kayaka patsogolo pa woyendetsa, ndipo petulo ayamba kutha msanga. Kawiri-kawiri nkhani yace ikhudza kacipangizo kochedwa oxygen sensor, kamene amakanika angokachula kuti sensa.

Nchito ya sensa

Injini ya petulo itentha bwino mafuta ngati pa kilogalamu imodzi ya petulo palowa makilogalamu 14.7 a mpweya. Petulo akacuruka, utsi uda ndipo ndalama zitayika. Akacepa, injini itentha kopambana ndi kufooka. Sensa imangidwa pa paipi ya utsi pafupi ndi injini, ndipo nchito yace ndiyo kuyesa mpweya wa oksijeni umene watsala mu utsi. Nsonga yace ndi ya dothi loocha lochedwa zirconia, lokutidwa ndi platinum. Oksijeni akacuruka mu utsi, sensa itumiza ku kompyuta ya galimoto mphamvu ya magetsi yocepa, pafupi ndi 0.1 volt, akacepa, itumiza pafupi ndi 0.9 volt. Kompyuta ikamva uthengawo ionjeza kapena kucepetsa petulo, ndipo icita cimeneci kosalekeza pamene injini iri kuyenda.

Kacipangizo aka kanapangidwa ndi kampani ya Bosch ya ku Germany, ndipo kanayamba kuikidwa m'magalimoto a Volvo mu 1976. Sikagwira nchito kali kozizira. Kafuna kutentha kopitirira madigiri 300. Ndico cifukwa cace masensa ambiri ali ndi waya zinai, ziwiri za uthenga ndi ziwiri za kambaula kakang'ono kokhala m'kati mwace.

Magalimoto ambiri a petulo ali ndi masensa awiri. Pakati pao pali cibotolo ca citsulo cochedwa catalytic converter, cimene cisandutsa mipweya ya poizoni, monga carbon monoxide, kuti ituruke yosaopsa kwambiri. Sensa yoyamba ndiyo ilamula muyeso wa petulo. Yaciwiri ingoyang'anira ngati cibotoloco ciri kugwira nchito. Malole akale a dizilo alibe sensa yotere konse, cotero mwini wa lole yotero asalole munthu kumgulitsa cinthu cimene galimoto lace liribe.

Cimene nyali inena

Nyaliyi iyenera kuyaka munthu akatembenuza kiyi, ndi kuzima injini ikalira. Ikakhalabe yoyaka, kompyuta yaona colakwa ndipo yacisunga monga nambala. Kuyambira 1996 lamulo la ku United States linafuna kuti magalimoto onse atsopano ang'ono akhale ndi pulagi ya mabowo 16 pansi pa ciongolero, njira yochedwa OBD-II, ndipo maiko a ku Ulaya anatsatira mu 2001 pa magalimoto a petulo. Makanika alumikiza makina ace pa pulagiyo nawerenga nambala. Magalimoto ena amene anapangidwira msika wa ku Japan wokha sayankha makina ochipa, afuna makina odziwa cinenero cao.

Nambala P0135 inena za kambaula ka sensa yoyamba, ndipo P0141 inena za kambaula ka yaciwiri. P0171 itanthauza kuti petulo wacepa mu msanganizo, P0172 kuti wacuruka, ndipo P0420 kuti catalytic converter siiri kuyeretsa utsi mokwanira. Apa ndi pamene eni mavani ambiri ataya ndalama. Nambala ionetsa kumene kompyuta inaonera bvuto, koma siichula citsulo cimene cafa. Sensa iri ngati mthenga wa mfumu: uthenga ukaipa, sindiye kuti mthengayo ndiye walakwa. Munthu angagule masensa atatu motsatizana, nyali niyakabe, cifukwa bvuto liri pena.

Nyali ikamaphethira, nkhani yakula. Ndiye kuti petulo sali kupsa mu silinda yina, ali kukapsera m'paipi ya utsi, ndipo angasungunule m'kati mwa catalytic converter. Woyendetsa acepetse liwiro, aime pamalo abwino, asapitirize ulendo ndi katundu wolemera.

Zimene kusintha galimoto kubweretsa

Akuru anati walira mbvula walira matope. Wofuna paipi yolira mokweza alandirenso zobvuta zace. Coyamba ndi kuocherera kosakwana. Kabowo kakang'ono pakati pa injini ndi sensa kakoka mpweya wa kunja. Sensa iona oksijeni wambiri niuza kompyuta kuti petulo wacepa, kompyuta nionjeza petulo amene injini siimfuna. Mapulagi ada ndi mwaye, ndipo vani imene inali kufika ku Chongwe ndi kubwerako pa mafuta ocepa iyamba kudya phindu la mwini wace.

Caciwiri ndi kusuntha sensa. Woocherera akaiika kutali ndi injini, utsi ufika utazizira, sensa nicedwa kuyankha. Akaiika coloza kumwamba kucokera pansi pa paipi, madzi amene asonkhana m'paipi m'mamawa agwera pa nsonga yotentha niing'alula.

Cacitatu ndi kucotsa catalytic converter. Ena aicotsa cifukwa yatsekeka, ena cifukwa m'kati mwace muli platinum, palladium ndi rhodium, zitsulo za mtengo wapatali zimene ogula zitsulo zakale azifuna. Ikacotsedwa, sensa yaciwiri iona utsi wofanana ndi wa yoyamba, ndipo P0420 ibwera ndithu. Pano sensa iri kunena zoona. Alipo amene aika kacitsulo kotalikitsa sensa kuti kompyuta inamizidwe. Nyali ingazime, koma utsi wa poizoni uturukabe, ndipo oupuma ndiwo ana oyenda m'mbali mwa mseu ndi amai ogulitsa pamenepo.

Cacinai ndi kusintha injini. Injini yatsopano ifuna kompyuta yace, waya zace ndi sensa ya mtundu wace. Mavani ambiri a Toyota a zaka za pambuyo pa 2000 ali ndi sensa yoyamba ya mtundu wina, yochedwa air-fuel ratio sensor, imene pa makina ionetsa pafupi ndi 3.3 volts pamene zonse ziri bwino. Maonekedwe ace afanana ndi a sensa wamba, ndipo ilowa m'bowo lomwelo, koma ziwirizi sizilowana m'malo.

Kufufuza mwa dongosolo

Makanika wanzeru ayamba ndi zochipa. Alemba nambala zonse pa pepala asanazifafanize. Ayang'ana fyuzi ya kambaula. Alowa pansi pa galimoto natsata waya, pakuti m'miseu ya maenje waya ikhuzika pa citsulo kapena kupsa pa paipi, ndipo m'nyengo ya mbvula, kuyambira November kufikira March, madzi ndi matope alowa m'mapulagi a waya. Aliza injini iri yozizira namvetsera kulira kwa bowo, nafuna mwaye wakuda pa malo oocherera. Aonanso mapaipi a mphira olowetsa mpweya ndi sefa yace, imene pfumbi la m'cirimwe liitseka msanga. Pambuyo pa izi ayesa kambaula ndi mita ya magetsi, napenya pa makina ngati uthenga wa sensa wamba ukwera ndi kutsika msanga injini itatentha. Uthenga ukaima pamodzi kapena ukayenda mwaulesi, zina zonse ziri bwino, pamenepo sensa yafadi.

Asanaike yatsopano afunse cimene cinapha yakale. Oilo wopsa mu injini yotha, madzi a mu radiator olowa mu silinda, ndi phula la silicone losayenera zonse zikuta nsonga ya sensa. Kale mdani wamkuru anali mtobvu, citsulo cija cinali kukumbidwa ku Kabwe kufikira 1994, cimene makampani a mafuta anali kucisanganiza mu petulo; koma mu 2021 bungwe la United Nations linalengeza kuti petulo wotere waleka kugulitsidwa pa dziko lonse, dziko lomariza kumleka likhala Algeria. Sensa yatsopano igulidwe potsata nambala ya injini imene iri m'galimoto lero, osati ya injini imene linabwera nayo. Imasulidwa ndi sipanala ya mamilimita 22. Ndipo woocherera paipi acotse batire poyamba, kuopa kuocha kompyuta, imene mtengo wace upambana wa sensa kutali.

Kucotsa batire kuti nyali izime sikuciza kanthu. Kompyuta ingoiwala, ndipo patapita maulendo pang'ono nyali ibweranso. Coipa koposa ndi kucotsa babu kapena kumata tepi yakuda pa nyaliyo, pakuti tsiku limene bvuto lalikuru lidzafike, woyendetsa sadzakhala ndi womcenjeza. Cifukwa ca ici, wogula vani yakale atembenuze kiyi injini isanalire, napenye ngati nyaliyo iyaka. Ikapanda kuyaka, afunse wogulitsa cifukwa cace asanaturutse ndalama, pokumbukira kuti safunsa anadya phula.