Chifukwa chiyani kompyuta za quantum sizipezeka m'nyumba za anthu?

Makolo ena amva ana awo a kusekondale akutchula kompyuta za quantum, mwina mpaka kufunsa mtengo wake. Zoona zake n'zakuti makina amenewa sagulidwa ngati foni kapena laputopu. Ngakhale mayunivesite ambiri akuluakulu alibe awoawo. Amawagwiritsa ntchito ali kutali, kudzera pa intaneti.

Kompyuta wamba imawerengera ndi tizigawo totchedwa bit, tomwe timakhala 0 kapena 1. Ya quantum imagwiritsa ntchito qubit, yomwe imatha kusunga 0 ndi 1 mosakanikirana mpaka itayezedwa. Vuto n'lakuti qubit sichedwa kusokonezeka. Kutentha pang'ono, kugwedezeka kwa nyumba kapena mafunde a wailesi zimafafaniza zomwe yasunga sekondi imodzi isanathe n'komwe.

N'chifukwa chake makina a IBM ndi Google amakhala m'mafiriji apadera, ozizira pafupifupi madigiri 273 pansi pa ziro. Mafirijiwa amafuna mpweya wosowa wa helium-3, magetsi osazimazima, ndiponso akatswiri okonza makinawo pafupipafupi. Komanso makinawa salemba kalata kapena kuonetsa kanema. Akuyesedwa pa masamu apadera okha, monga ofufuzira mmene mankhwala amapangikira.

Taganizirani chigayo. Palibe banja limagula chake kuti lizigaya thumba limodzi pamwezi. Mumasenza chimanga, n'kudikira pamzere, n'kubwerera ndi ufa. Momwemonso wophunzira amalemba pulogalamu pa laputopu yake, n'kuitumiza, n'kudikira nthawi yake, mayankho n'kumubwerera.

IBM inayamba njira imeneyi mu 2016 ndi makina a ma qubit 5, omwe aliyense ankatha kuyesa kwaulere. Mu 2019 yunivesite ya Wits ku Johannesburg inagwirizana ndi IBM kuti ophunzira a mu Africa awafikire.

Kugawana chinthu chodula si kwachilendo kwa Msilamu. Uthman ibn Affan, Allah asangalale naye, anagula chitsime cha Rumah ku Madina kuti aliyense azitungapo. Kusiyana kwake n'kwakuti makampaniwa amachita malonda: nthawi yochepa ndi yaulere, yambiri amalipiritsa.

Choncho mwana wa ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota safunika kukhala ndi makinawa. Chofunika ndi masamu, fizikisi, Chingerezi ndi intaneti. Makolo, akaweruka ku madrasa, mulimbikitseninso pa maphunziro amenewa. Insha Allah, pamzere umenewu malo ake alipo.